Madzi Achiwiri a Nyemba

Amayi anga anabwera kunyumba kwanga katatu kudzandiuza kuti akudwala, ndipo katatu konseko ine ndinawaonetsa poto. Ndikunena mosapsatira chifukwa ndatopa nako kuizungulira nkhaniyi. Chipatala cha mishoni chinali kuseri kwa tchalitchi, pafupi poti utaima pakhonde panga nkukuwa, anamwino akanakumva. Amayi ankafuna ndiwaperekeze kumeneko. Nkhani yonse inali yomweyo basi.

Zinali zaka zija zipani zitangochuluka, anthu akutsutsana zandale m'minibasi mosayang'ananso kumbuyo. Ine ndinkaphunzitsa pasukulu ya pulayimale ya mishoni, kufupi ndi boma la Dedza. Sukulu itangokhala yaulere, ana anabwera ngati ngumbi. Ena ankakhala pazenera, ena pansi pa mtengo, ndipo ine ndinkaweruka mawu atasasa, choko mpaka m'tsitsi. Kufika kunyumba, ndiwo palibe, mulu wa makope ukundidikira patebulo. Nthawi ndiyo inkandisowa kuposa china chilichonse.

Potoyo anandisiyira mayi wina wachizungu amene ankaphunzitsa kusekondale, pamene ankabwerera kwawo. Sanali poto wamba ayi. Anali ndi chingwe chake cholumikiza ku magetsi, chivundikiro chochita kutseka mozunguza, mphira m'kati mwa chivundikiromo, ndi kachitsulo pamwamba kamene kankanjenjemera nkumalira kuti tsiii mpweya ukadzaza. Pambali panali kopotokola nthawi ngati ka wailesi. Mwini wakeyo ankamutchula kuti puleshakuka, ifenso tinangotengera pomwepo. Lamulo lake linali limodzi: ukatseka watseka. Suvundukula, sutakasa, suthiramo kanthu, mpaka mpweya wonse utatuluka.

Tsiku loyamba ndinaikamo mbatata ya kachewere nkumupatsa nthawi yaitali. Potsegula ndinapeza phala. Amuna anga, amene anali kalaliki kuofesi ya parishi, munthu wofatsa ngati nkhosa, anadya ndi supuni osadandaula, nkuthokozanso. Koma pasanathe mwezi ndinali nditamudziwa poto wanga. Tambala wokalamba, uja nyama yake imakana mano, ankatuluka ali lobodo mafupa akuvuka okha. Nthumbwana za mbuzi ndinkazitsuka ndi madzi otentha, nkuikamo anyezi ndi tsabola pang'ono, ndikamamaliza kusesa m'nyumba zapsa. Mphale wosakaniza ndi nyemba, uja kumudzi amatereka m'mawa nkudya dzuwa litapendeka, ine ndinkamuphika pakati pa Misa yoyamba ndi yachiwiri. Mang'ina a ng'ombe ndiye osanena. Msuzi wake unkamata milomo, ndipo kukazizira mwezi wa Juni unkagwirana m'mbale usanafike nkomwe patebulo.

Koma ndiwo yanga yapamtima inali nyemba. Ndinkaziphika ndi madzi ndi mchere basi, mphindi makumi anayi, kenako ndikatsegula nkuthiramo tomato, anyezi ndi kamafuta, nkuzisiya zibwate pang'ono osavundikira. Azimayi anzanga a kwaya ankabwera kudzaonerera ngati kanema. Ine m'chiuno gwi, kumafotokoza ngati ndinamupanga ndekha. Ndisaname, ndinali ndi matama. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kwathu ndi ku Lobi, kumapiri, kumene munda umachita kupendekeka ndipo nyemba timadzala pakati pa chimanga. Bambo anga anapita kumigodi ndili wamng'ono nkutchona komweko. Amayi anatilera okha. Anali munthu wamfupi, wapakamwa, woti akhoza kukangana ndi mbuzi mpaka mbuziyo nkugonja. Wogulitsa mchere akawachepetsera muyeso, mudzi wonse unkadziwa. Pakamwa pangapa ndinatengera iwowo. Koma nkhani ikakhala yolemetsa, ya m'kati mwa mtima kapena ya m'thupi, lilime linkawauma. Sankatha kukuyang'ana m'maso nkuinena manja ali chabe.

Ndiye anali ndi njira yawo. Ankangoti, “Tiphike nyemba.” Pakhomo pathu aliyense ankadziwa kuti mawu amenewo akatuluka, mwana woitanidwayo asiye zonse akhale pansi. Munkasankha nyembazo limodzi palichero, nkuzitereka mumphika pamafuwa. Madzi oyamba akamawira, amayi ankakamba zachabechabe: mbuzi za anthu, denga lodontha, mkazi wa uje amene sadziwa kusinja. Pakatha maola awiri kapena kupitirira, madzi aja ankaphwa, nyemba nkuyamba kulira pansi pa mphika. Apo amayi ankatenga chikho, nkuthira madzi achiwiri, ndipo maso ali mumphikamo, nkhope ili munthunzi ya madzi, ankainena nkhani ija. Misozi ikawatuluka ankatukwana nkhuni kuti nzaziwisi.

Ndi pamadzi achiwiri pamene ndinamva, ndili ndi zaka khumi, kuti bambo ali ndi mkazi wina kumeneko ndipo tisawadikirenso. Ndi pamadzi achiwirinso pamene anandiuza, ankhoswe a amuna anga atabwera, kuti, “Munthuyo ndamuona, ndi wabwino, pita usaope.” Ndiye musandifunse kuti ndinaiwala bwanji. Inenso ndadzifunsa mpaka mutu kuwawa. Mawuwo ndinawamva ndithu, koma ndinawamva ndi makutu a munthu amene ali ndi poto watsopano.

Ulendo woyamba anabwera Loweruka lina mu Meyi, nyemba zitangokololedwa. Kuchokera kwathu unkayenda pansi kutsika phiri, nkukwera matola mpaka pa Chimbiya, nkukweranso minibasi. Anafika dzuwa litakwera, atanyamula kamtolo ka nyemba m'nsalu. Sanakasenze pamutu monga mwa masiku onse, anakagwira kudzanja lamanja, ndipo mkono wamanzere anaupanikiza pachifuwa. Ndinaona, koma sindinaganizepo kanthu. Amuna anga anawalonjera apongozi awo atanjuta chapatali pakhomo, kenako anazemba kupita kuofesi monga amachitira mkamwini waulemu. Amayi sankagona kunyumba kwanga. Ankati nyumba ya aphunzitsi njopanikizana, chimbudzi chili m'kati momwemo, sangamatsokomole mkamwini akumva. Choncho ankakhala ndi maola ochepa okha, kuti akapeze matola omaliza pa Chimbiya.

Atamwa tiyi anamasula kamtolo kaja.

“Tiphike nyemba, mwanawe,” anatero.

“Amayi, lero muona zodabwitsa! Khalani pampando apo.”

“Pampando ndikatani? Lichero lili kuti?”

Tinasankha limodzi. Zala zawo zinkayenda pang'onopang'ono, nyemba imodzi imodzi, pamene ine ndinkangokokera mulu wonse mbali imodzi. Nditatsuka ndinathira mupoto, nkutseka, nkupotokola nthawi.

“Moto uli kuti?” anafunsa amayi.

“Uli m'chingwemu.”

“Nanga madzi akaphwa utsegula bwanji?”

“Saphwa, amayi. Ameneyu safuna madzi achiwiri.”

Ndinanena mawu amenewo ndi pakamwa panga pomwepa, ndikuseka. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Safuna?”

“Safuna ngakhale dontho.”

Kachitsulo kaja katayamba kulira, amayi anasuntha mpando wawo kufika pakhomo, amvekere chinthucho chiphulika. Ine ndinawaseka, nkutenga makope a ana kuti ndichongeko poti nthawi inalipo. Iwo anakhala manja ali pamiyendo. Sindinawaonepo manja amenewo ali chabe chikhalireni, koma tsikulo ndinaganiza kuti ndawapumitsa. Anakambako za matalala amene anaononga fodya wa anthu, ine nkumangoti eee, cholembera chofiira chili m'manja. Asanamalize nkhani ya matalalayo, poto anati thu, nthawi yatha.

Anadya pang'ono. “Zapsa ndithu,” anatero. “Koma zapsa mwamantha. Taona msuzi wake, ukhoza kusambamo.”

Zinandipweteka. Ndinawayankha kuti anthu akumudzi palibe chimene amayamika, iwo nkundibwezera kuti ngati kuphunzira nkumeneku bola iwo sanaphunzire. Tinatsika kumsewu tikukangana choncho, monga tinkachitira nthawi zonse. Minibasi itaima, kondakitala anawakoka mkono wamanzere kuti akwere msanga. Amayi anakuwa kuti “Mayo!” mawu achilendo, kenako anayamba kumulalatira za amake ndi agogo ake omwe. Anthu m'minibasimo anaseka, inenso ndinaseka nawo nkubwerera kumakope anga.

Ulendo wachiwiri unali mu Julayi, nkhungu itaphimba phiri mpaka masana. Nthawi imeneyi anabweretsa nzama zouma za chaka chatha, zolimba ngati timiyala.

“Izi ndiye sizimva za munthu,” anatero akuzithira palichero. “Zimafuna tsiku lonse.”

Lero ndikudziwa kuti amayi anakhala pansi kumudzi nkuganiza chinthu chimene poto wangayo angachilephere. Tsikulo ndinangoona ngati akundiputa. Ndinati tiona amene agonje. Ola limodzi, nzama zinali fwa. Chimwemwe chake, ndinathamangira kukaitana mnansi wanga, mayi wina amene anali namwino pachipatala cha mishoni chija, kuti adzalawe. Abale inu! Namwino anakhala pamkeka umodzi ndi amayi anga, phewa ndi phewa, akudya nzama mbale imodzi. Anawafunsa mwaulemu kuti, “Muli bwanji m'thupimu, amayi?” Iwo anayankha kuti, “Tili bwino, kaya anzathu.” Pamaso pa mlendo sakanatsegula pakamwa ngakhale mutawamenya. Namwinoyo anachedwa pamacheza, ndipo atachoka nthawi ya minibasi inali itakwana.

Ulendo wachitatu ndi umene umandidzutsa mtima mpaka lero. Unali mwezi wa Okutobala, kukutentha ngakhale kwathu kozizira kuno, koma amayi anabwera atavala juzi. Anali ataonda, khosi litatalika, ndipo ankamveka kafungo ka mankhwala a zitsamba.

“Amayi, mwaondatu,” ndinatero.

“Nchilimwe. Ng'ombe zomwe zaonda, ine ndine ndani?”

M'thumba anatulutsa mang'ina awiri okulunga m'nyuzipepala, ogula pa Chimbiya. Mang'ina amafuna kuwawula kaye ubweya, choncho tinakoleza kamoto kuseri kwa nyumba. Ine ndinkawawula nkumapala ndi mpeni, iwo akundilozera pamene ndasiya. Titamaliza anati, “Moto wayaka kale uwu. Tingotereka pompano.”

Ndinakana. Ndinati nkhuni pamishoni nzosowa, komanso kwaya inali ndi zokonzekera za ukwati wa mwana wa akatekisiti nthawi ya 2 koloko, ndipo woyambitsa nyimbo ndinali ine. Ndinadula mang'ina aja, kuthira mupoto, kutseka. Amayi anatsala panja akuyang'ana kamoto kaja.

Pasanathe mphindi khumi ndi zisanu, wailesi imene inkalira m'nyumba inangoti zii. Kachitsulo ka papoto kanasiya kunjenjemera. Magetsi anali atathima, monga ankachitira kawirikawiri zaka zimenezo.

“Asa! Lero lomwe lino?” ndinakalipa.

Amayi anaimirira msanga ngati mtsikana. Nkhope yawo inawala, sindikunama. Anapita pamaluwa anga kutsogolo kwa nyumba, pamene ndinazunguliza miyala yopaka laimu, nkuzula itatu, umodzi umodzi, ndi dzanja limodzi lomwe lija. Ndinadandaula kuti andidetsera miyala, iwo amvekere, “Maluwa ako sathawa.” Mpweya utatha mupoto muja, ndinakhuthulira mang'ina musefuliya yakale nkuitereka pamiyalapo. Amayi anakhala pansi, miyendo tambalale, nkumenya pansi pambali pawo ndi chikhatho. Ndinakhala.

Anayamba kukamba. Anati mbuzi yaikazi ija yamawanga apereka kwa mng'ono wawo, mayi anga aang'ono, poti iwo atopa nako kuthamangitsana nayo. Anati munda wa kumtsinje chaka chino salima, aupumitsa. Anati nsalu yawo ya chigwirizano cha azimayi a kutchalitchi ili pansi m'sutikesi, yochapa kale, munthu asadzavutike kuifuna. Munthu akugawa mbuzi, akusiya munda, akukuuza pamene pali nsalu yake, iwe nkumangoyang'ana wotchi! Ndinkayankha kuti eee, eee, mtima uli ku nyimbo ya ukwati imene inkatilaka poyambira.

Madzi anatsika musefuliya muja, mafupa anayamba kuonekera. Amayi anasuzumiramo.

“Tatunga madzi ubwere nawo,” anatero motsitsa mawu.

Ndinalowa m'nyumba ndi kapu. Ndikutunga m'ndowa, wailesi inangoyamba kulankhula yokha.

“Abwera! Amayi, magetsi abwera!”

Ndinaisiya kapu ija pandowa pomwepo. Ndinatuluka ndi nsanza ziwiri zophulira sefuliya.

“Mwanawe, tangosiya. Thira madziwo, ukhale pansi.”

“Amayi, pamotopa afika madzulo amenewa. Mukufuna ndichedwe kukwaya? Anthu akundidikira.”

“Pang'ono pokha.”

“Iii, inunso! Chinthu chabwino chilipo, tizivutikiranji ndi utsi ngati tili kumudzi?”

Amayi anga, amene sankalola munthu kukhala ndi mawu omaliza, anandisiyira ine. Ndinaphula sefuliya nkulowa nayo m'nyumba. Nditasuzumira pazenera ndinawaona akusolola nkhuni pamoto imodzi imodzi nkumazizimitsa m'dothi. Miyala ija itazizira anaibwezera pamaluwa, uliwonse pamalo pake, mbali yoyera kumwamba.

Mang'inawo anapsa bwino kwambiri. Amayi anangonyambita msuzi, nkunena kuti akhuta tiyi. Kumsewu, tikudikira minibasi, anati, “Poto wako ndi wabwino. Umusamale.” Aka kanali koyamba kumuyamika. Ndinakondwa, ndinati tsopano agonja. Kukwaya ndinafika nthawi yabwino, ndipo nditawauza anzanga kuti amayi avomera poto wanga, tinaseka tonse.

Mu Januwale, mvula ikugwa usana ndi usiku, ndinaona mayi anga aang'ono ataima pakhomo la kalasi, atafunda pepala la pulasitiki. Sanalowe. Anangondikodola.

“Amako akukufuna. Tenga zovala, tizipita.”

Anandifotokozera tili pamatola, titapanikizana pakati pa matumba a feteleza. Anati ndi chotupa, m'bere lakumanzere. Chinayamba dzinja lapitalo ngati kamwala, chinakula, tsopano chaphulika. Anayesa zitsamba zonse za m'phiri.

“Bwanji osandiuza, mayi aang'ono? Chipatala chili pakhomo panga!”

“Anandiletsa. Anati mwana wanga ndimuuza ndekha, asamve kwa anthu. Ulendo uliwonse akabwerako ndinkawafunsa kuti mwamuuza? Iwo amvekere, kwa mwana wanga nyemba sizichedwa.”

Kalanga ine! Zonse zinabwera nthawi imodzi: kamtolo kudzanja lamanja, kulira kwa paminibasi, nzama, juzi, mbuzi yamawanga, kapu ija ndinaisiya pandowa. Ndinalira pamatolapo mokweza, anthu akundiyang'ana, ndipo sindinachite manyazi. Galimotoyo inatisiya kutali chifukwa msewu wokwera kwathu unali utasanduka matope okhaokha. Kotsalako tinayenda pansi, nsapato zili m'manja.

Ndinawapeza atagona pamphasa, atachepa ngati mwana. Fungo la m'nyumbamo linandiuza zimene mayi aang'ono sananene. Ndinagwada nkuyamba kulira kuti amayi, bwanji, bwanji osandiuza.

“Wabwera kudzalira maliro ndili moyo?” anatero. “Pukuta mamina apo, aphunzitsi onse akulu.” Kenako anatembenukira kukhoma. Za matendawo sananene kanthu, ndipo nditayesa kuitchula nkhaniyo anatseka maso ngati agona.

Ndinatuma uthenga kwa amuna anga kuti apemphe galimoto ya mishoni. Yankho linabwera loti galimoto ilipo, koma singakwere phirilo mpaka mvula itakata ndipo msewu utauma. Anthu anati tiwanyamule pamachira mpaka kumsewu waukulu, koma titangoyesa kuwadzutsa anakuwa ndi ululu moti tinawagonekanso. Panalibe china koma kudikira.

M'mawa mwake kunali kamvula kowaza. Ndikusesa pafupi ndi mphasa yawo, ndinamva mawu aang'ono.

“Tiphike nyemba, mwanawe.”

Tsache linagwa m'manja mwanga. Munthuyo anali atatha masiku akungomwa phala lamadzimadzi ndi supuni, nyemba akanazitani? Koma ulendo uno sindinafunse. Ndinatapa nyemba m'dengu, ndinabweretsa lichero pamphasa pawo. Anatulutsa dzanja m'bulangete nkusankhako zitatu kapena zinayi, kenako dzanjalo linatopa. Ndinamaliza ndekha, imodzi imodzi. Ndinaika mafuwa pakhonde, moyang'anana ndi khomo kuti aziona, nkutereka mphika wawo wakale uja wong'ambika kukamwa. Ine ndi mayi aang'ono tinakoka mphasa pang'onopang'ono mpaka pakhomo, nkuwatsamiritsa pamtsamiro. Atatero mayi aang'ono anatenga khasu nkupita kudimba, ngakhale kunalibe chokalima mvula imeneyo.

Nkhuni zinali zonyowa. Moto unkazima, ine nkumauzira mpaka chizungulire. Amayi anayamba kukamba, mawu akudukaduka. Anafunsa ngati ukwati uja unayenda bwino, ngati nyimbo ija tinaitha. Anafunsa ngati maluwa anga anaphuka. Anadandaula kuti mbuzi yamawanga ikuonda kwa mng'ono wawo chifukwa sadziwa kuimangirira pamsipu. Anafunsanso za poto, ngati akadalirabe tsiii. Ndinati akulira. Nthawi zina ankagona pakati pa mawu, ine nkumayang'ana bulangete ngati likukwera ndi kutsika. Mtima unkandiuza kuti ndiwagwire dzanja ndinene kuti amayi ndikudziwa kale, musavutike. Koma ndinali nditawalanda nthawi yawo katatu. Ndinatseka pakamwa panga, mwina koyamba chibadwire, nkumasonkhezera moto.

Dzuwa silinaoneke tsikulo, koma ndikuganiza kuti anali masana pamene nyemba zinayamba kulira pansi pa mphika. Amayi anatsegula maso. Ndinatenga chikho, ndinatunga madzi mumtsuko, ndinathira pang'onopang'ono. Nthunzi inakwera nkulowa pakhomo.

Sanandiyang'ane. Maso awo anali pamphika.

“Mwanawe,” anatero, “ndili ndi chotupa m'bere. Chinayamba dzinja lathali.”

Ananena ngati nkhani yatsopano, ngati mudzi wonse sukudziwa, ngati sindinachape nsanza za pachilondacho m'mawa womwewo. Inenso ndinayankha ngati ndikumva koyamba.

“Zoona, amayi?”

“Zoona. Ndimati undiperekeze kuchipatala kwanuko, poti iwe umadziwana nawo anthuwo.” Anapuma kaye. “Ndekha ndikuopa.”

Amayi anga, oopedwa ndi ogulitsa mchere ndi makondakitala, anati akuopa. Miyezi yonse ija anayenda ndi mantha amenewo kutsika phiri, kukwera matola, kukwera minibasi, kudzakhala pampando wanga manja ali pamiyendo, mwana wawo akuchonga makope.

“Chabwino, amayi,” ndinatero. “Ndikuperekezani. Msewu ukangouma tipita.”

“Ukakhale pafupi akamandiona.”

“Ndikakhala pafupi.”

Misozi inandigonjetsa. Ndinayesa kuibisa ndi nsalu koma mapewa ankagwedezeka. Apo mpamene anandiyang'ana.

“Nkhuni zaziwisi izi,” anatero. “Anatola ndani? Anthu osadziwa ntchito.”

Nyembazo zinapsa chakumadzulo, msuzi wake wokhathamira monga ankaufunira. Ndinawaika kadontho pamilomo ndi chala. Anati mchere wachepa.

Mvula inakata Lachiwiri. Lachinayi msewu unali utauma, ndipo galimoto ya mishoni inakwera phiri mpaka pakhomo pathu. Inabweretsa amuna anga ndi anzanga a kwaya, kudzaimba pamaliro.